Mwana Wodzala Tsitsi

— Halo?

— Halo, achemwali. Ndine mng'ono wanu.

— Ndani? Mawu akumveka ngati munthu ali m'chitsime.

— Ndine make Loya. Dikirani ndituluke m'saluni muno, netiweki imavuta. Pano bwanji?

— Eya, pamenepo. Usasunthenso. Mwaswera bwanji kumeneko?

— Taswera, kaya inu?

— Ife tili bwino. Ndangoweruka kumene kusukulu, ana a anthu andiumitsa kukhosi. Alamu anga ali bwanji?

— Alipo.

— Alipo basi?

— Alipo, akudya, akupuma. Nanga abambo kunyumbako, ndi anyamata?

— Onse ali bwino. Wamkuluyo mawu ayamba kukula, akayankhula timayesa kwabwera mlendo. Nanga Loya wanga? Akadali kufunsa anthu mafunso ngati ali m'khoti?

— Mmm.

— Iwe, mmm ameneyo ndi wa chiyani? Wadwala?

— Sanadwale. Achemwali, mayunitsi anga ndi ochepa, ndiye mundimvere. Ine zandinyansa. Kuyambira dzulo chakudya sichikulowa, ndikangoyang'ana mbale nseru.

— Usandiuze kuti uli ndi pakati.

— Pakati pa chiyani? Ndikunena za anthu ine. Mukudziwa kachipinda kakuseri kwa saluni, komwe ndimasunga mgolo wa madzi ndi matawulo?

— Kolowera kuchimbudzi kaja?

— Komweko. Munayamba kumveka kafungo. Poyamba ndinkati ndi paipi. Ndinaitana wokonza mapaipi, anagwada, ananunkhiza, nkuti mayi paipi yanu ilibe mlandu. Ndinati ndiye ndi khoswe wafera kudenga. Ndinakangana ndi eni nyumba mpaka kusiya kupatsana moni. Matawulo ndinawawiritsa onse. Fungo lili pompo, likungonenepa.

— Ndiye chinali chiyani?

— Dikirani. Dzulo masana saluni inali yodzaza, mpando uliwonse munthu. Ndikuluka Adona.

— Adona ake ati?

— Akazi a kontilakita aja, a dzino lagolide, a njerewere pamphuno. Amene amati akakhala pampando wanga amayamba apukuta ndi mpango.

— Ndawakumbuka. Onyada aja.

— Omwewo. Anati ndiwadikire akataye madzi. Alowa kuseri. Sipanapite nthawi, tinangomva mfuu ngati munthu waponda njoka. Tonse kuthamangira komweko, ena mitu ili ndi thovu, ena meshi ikulendewera mbali imodzi. Tikapeza Adona akankha mgolo, akuloza pansi. Achemwali, mabotolo. Timabotolo tija ta mafuta a tsitsi timene ndimataya. Ndandanda, kuyambira kukhoma mpaka pawindo.

— Muli chiyani?

— Tsitsi. Botolo lililonse tsitsi la munthu, lili m'madzi. Ena madzi achita ndere, obiriwira. Ena muli mkaka, wowola, wachita kutupa. Limodzi munali dzira. Nditatsegula limenelo, achemwali, ndinathamangira panja.

— Mayo ine. Wachita ndani zimenezo?

— Funsani kuti pabotolo lililonse panali chiyani. Kapepala komata ndi selotepi, pojambulidwa nkhope. Osati zojambula za ana zija za mutu ngati mpira ayi. Ukangoona umadziwa kuti awa ndi akazi a makaniko ndi mpata wa mano wawo, awa ndi anamwino ndi masaya awo. La Adona njerewere ili pamalo pake, dzino analipaka chikasu.

— Loya.

— Loya wanu yemweyo. Zaka zisanu.

— Pepa, ndikuseka, koma pepa. Amati atani nalo tsitsi la anthu?

— Amadzala.

— Amatani?

— Amadzala, achemwali. Ndinamukoka pakati pa anthu, ndikuti tanena, ichi nchiyani. Iye osaopa, osalira. Anandiyang'ana ngati wopusa ndine. Akuti amama, si inu munadula nthambi ya duwa kwa aneba nkuiika m'botolo la madzi, ikumera mizu? Ndiye tsitsi lingakanike bwanji, poti nalonso limakula?

— Waona? Waona mutu umenewo?

— Sanathere pomwepo. Akuti loyamba ankatola pansi, lodula ndi sizasi, koma silinamere. Ndiye anakhala pansi nkuganiza. Akuti tsitsi ukalidula munthu samva kuwawa, koma ukalizula amakuwa, ndiye kuti moyo wake uli kumunsi. Anasiya lapansi, nkuyamba kutola la m'chipeso, lija lokhala ndi kamutu koyera kunsonga. Ine ndinkangoona mwana akunditsukira zipeso tsiku ndi tsiku, ndikumuyamikira kwa makasitomala kuti ndabereka wolimbikira ntchito.

— Nanga mkakawo?

— Akuti makanda amakula ndi mkaka. Dzira, akuti amandiona ndikuswera makasitomala m'mutu kuti tsitsi lilimbe. Ena anawaika padzuwa, ena mumdima, kuti aone mbali imene liyambire kumera. Nkhopezo akuti kuti asasokoneze, adziwe la ndani ndi lachangu. Ankayeza ndi ulusi, akumanga mfundo.

— Make Loya, ukudziwa chimene uli nacho m'nyumbamo? Ife aphunzitsi tinapitako kuwekishopu ya ana oterewa. Mwana wa zaka zisanu kusiyanitsa padzuwa ndi mumdima, kusintha njira yoyamba ikakanika, imeneyo ndi mphatso. Ine m'kalasi mwanga ndili ndi akuluakulu a ndevu amene sangaganize zimenezo.

— Kauzeni Adona zimenezo.

— Anati chiyani?

— Anati ufiti. Mawu amodzi okha, ndipo anagwira saluni yonse ngati moto wa palafini. Akuti nchifukwa chake mwendo ukuwatupa. Akuti nchifukwa chake amuna awo akugona kunja. Amuna amene anayamba kugona kunja Loya asanabadwe, tauni yonse ikudziwa.

— Anthu ndi omvetsa chisoni.

— Akazi a makaniko akuti tsitsi lawo lam'mbali latha chifukwa cha botolo. Mayi amene ndimawauza mwezi ndi mwezi kuti kuluka kokoka chonchi kukuzulani, iwo nkumati kokani, ndikufuna nkhope iwongoke. Anamwino, munthu wogwira jakisoni, anatenga botolo lawo ndi mpango ngati likuwotcha, akupemphera chamumtima milomo ikugwedera. Anthu amene ndawagwira m'mutu zaka zonsezi. Ndawatsuka mfundu, ndawachotsa nsabwe ena, osauza munthu. Ndimadziwa chipere cha aliyense. Lero akundiyang'ana ngati ndimadya anthu.

— Mwanayo anali pomwepo akumva?

— Ali pomwepo. Ndipo ndi iye anathira mafuta pamoto. Anawayandikira Adona mwaulemu, manja kumbuyo, nkuti: lanu lokha ndi limene silinasinthe, silinaole ngakhale mumkaka. Ndinaliwotcha pang'ono ndi machesi, linasungunuka ngati jumbo. Si tsitsi lanu eti?

— Ayi, ayi, ndisiye, nthiti zanga.

— Mayi amene amalumbira kutchalitchi kuti lonselo ndi lobadwa nalo. Ine ndi amene ndimawasokerera, chitseko chotseka.

— Ndiye mwana wanenatu zoona.

— Zoona zake zanditsekera saluni. Lero kuyambira m'mawa sikunalowe munthu. Amene ndinawaluka theka dzulo anakamalizitsa kwina. Wogulitsa matomato pakhomo paja wasamutsa tebulo lake. Ndangokhala ndikuyang'anizana ndi madilaya oumitsira tsitsi.

— Zidutsa zimenezo. Anthu amaiwala, tsitsi likamera adzabwera okha. Halo? Ukundimva?

— Ndikukumvani. Mawu anathawa pang'ono.

— Ndimati zidutsa. Koma sunandiuze, amadzaliranji tsitsilo? Amafuna kutsegula saluni yake?

— Apo ndi pamene pakundiwawa. Amadzalira bambo ake.

— Alamu?

— Mukudziwa dazi lawo lija. Chipewa sachivula ngakhale patebulo. Anzawo kuntchito amawatcha Bwalo la Ndege. Loya amawaona m'mawa uliwonse ataima pagalasi, akusisita pamutu, akuusa moyo. Ndiye akuti amafuna likamera mizu akawadzale ali mtulo, adzadzuke ali ndi tsitsi. Ankasankha la munthu wa tsitsi lachangu kuti adadi asadikire nthawi yaitali.

— Mwana wachifundo bwanji. Alamu atamva sanagwetse misozi?

— Anagwetsa maondo.

— Bwanji?

— Anthu anawaimbira foni, anafika ndi galimoto ya kuntchito. Ine mumtima ndinati eya, wabwera mwini mwana, awauze anthuwa kuti akhale chete. Achemwali, bambo uja anavula chipewa. Chipewa chimene savulira ngakhale ine. Anagwada pasimenti, pa tsitsi losesa, pamaso pa Adona, nkuti mutikhululukire mayi, mwanayu si iye, chinamulowa chinthu. Akuti ifenso kunyumba timadabwa naye, anayamba kuwerenga popanda womuphunzitsa, amafunsa zinthu zosayenera mwana.

— Ananena choncho alamu?

— Ndi pakamwa pawo. Munthu yemweyo amene ankamunyamula paphewa kukamuonetsa kwa anzake kuti tawerenga chikwangwani icho, anthu nkumawomba m'manja, iye mano onse panja. Lero kuwerenga komweko kwasanduka chiwanda. Chifukwa chiyani? Amuna a Adona ndi amene amapereka ntchito kukampani kwawo. Ndinamuyang'ana ali chogwada, dazi likuwala thukuta, ndipo ndinamva nseru yoposa ya dzira lija. Usiku anati andikhudze phewa, ine ndinasunthira kukhoma.

— Loya anamva zimene ananena bambo ake?

— Anamva. Pobwerera kunyumba anandifunsa kuti amama, chinthu chinandilowacho chinalowera pati, poti pakamwa ndimatseka ndikamagona. Amafuna adziwe kukula kwake.

— Ayi, zimenezo ndiye zolakwika. Mwana wotere safuna kumuopseza. Amafuna kumumvetsera, kumufunsa kuti waganiza bwanji, kumupatsa malo ake oyeserapo zinthu. Ukamutsekereza amafota. Tinaphunzira ife zimenezi. Uwapatse foni alamu madzulo ndiwalankhule.

— Madzulo kwatalika, achemwali. Chimene ndakuimbirani sindinachinene.

— Pali zinanso?

— Alamu anu anagwirizana ndi Adona kuti mawa m'mawa apita naye kwa mneneri.

— Mneneri uti?

— Wa mutenti kuseri kwa msika. Wa suti yoyera. Adona akuti akatero ndiye akhululuka, ndipo auza amayi onse abwerere kusaluni.

— Amangowapempherera basi, si choncho?

— Mwana wa aneba athu anapita naye kumeneko chifukwa choyenda kutulo. Ana amawameta mpala pamaso pa gulu. Amawasalitsa kudya, kenako kuwamwetsa madzi amchere mpaka asanze m'beseni, anthu akujambula pa mafoni. Mwana amamuzungulira akuluakulu, kumukuwira m'makutu kuti tchula amene anakutuma, ndipo samusiya mpaka atchule dzina. Mnyamata uja anabwerako wosayankhula. Pano amakodza pogona, akaona munthu wa zoyera amabisala kuseri kwa chitseko. Ndiye aike Loya pamenepo? Loya amene akamufunsa kuti anakutuma ndani adzayankha kuti duwa la aneba?

— Ayi, zosatheka. Wawauza alamu kuti ukukana?

— Ndakana mpaka mawu kusasa. Akuti ndisankhe, saluni ndi ntchito yawo, kapena kunyada kwanga. Akuti kumeta si kupha, tsitsi limamera. Agula kale kansalu koyera komuveka, kali pampando kuchipinda.

— Ndiye ukuganiza zotani?

— Bambo ake aweruka kukada. Basi yobwera kwanuko imanyamuka dzuwa lisanalowe. Ndimati ndimubweretse, akhale ndi inu mpaka mphepo imeneyi idutse. Ine ndibwerera mawa lomwelo kudzalimbana nawo. Kumeneko sangabwere kudzamulanda, inu amakuopani. Sadya zambiri, mukumudziwa. Angokutopetsani ndi mafunso.

— Aa, ameneyo ndi mwana wanga. Kwa amayi ake aakulu sapempha chilolezo.

— Zikomo, achemwali. Mtima wanga unali m'malere. Chikwama ndalongedza kale, ndachibisa kuseri kwa madilaya.

— Eya. Inde. Koma ndifunseko kanthu kamodzi.

— Funsani, koma msanga, foni yandichenjeza kale.

— Paja ulendo uja ndinabwera, unandipesa musaluni mwakomo.

— Inde, ndinakuwongolani.

— Ndiye kuti, pamabotolopo. Langa linalipo?

— Linalipo. Anakujambulani mukuseka, ndi magalasi anu. Lanu analiika pansi pa windo penipeni, pamalo abwino, anathiramo shuga. Akuti amayi aakulu amakonda tiyi wotsekemera.

— Oho.

— Bwanji?

— Ayi, palibe. Lili kuti pano?

— Otsala onse ndinataya m'chimbudzi. Bwanji, achemwali?

— M'chimbudzi. Tsitsi langa.

— Linali lowola. Mumafuna ndikusungireni?

— Ayi, ndikungofunsa. Kungoti, ukudziwa, chibwerereni kumeneko ine khosi ili silikundipatsa mtendere. Kuchipatala anandiunika, akuti sakuona kanthu. Ndiye ndimangodabwa.

— Achemwali.

— Sindikunena kanthu ine. Ndikungoti nthawi yake ikufanana.

— Khosi limene mumagonera mabuku a ana mpaka pakati pa usiku? Inu amene mwangondiuza kumene za wekishopu?

— Za wekishopu ndi za wekishopu. Koma zinthu zina ziliko, mng'ono wanga, tisamachite ngati tinabadwa dzulo. Mwana akhoza kukhala wanzeru, komanso wina nkumugwiritsa ntchito iye osadziwa. Iwe unamuona ndani akumuphunzitsa kuwerenga?

— Munali inu. Munamubweretsera kabuku ka zilembo, nkumuonetsa masana amodzi. Zotsalazo anatola yekha pa mabotolo a shampu.

— Masana amodzi, mwana nkuwerenga. Iwe ukuona kuti nzabwinobwino zimenezo?

— Pomwe paja mumati ndi mphatso.

— Ndi mphatso, sindikukana. Koma mphatso zimachokera kosiyanasiyana. Komanso kuno nyumba ndi yaing'ono, ukudziwa. Anyamata ali ndi mayeso. Zipeso zathu zimangokhala pawindo, aliyense amatola.

— Zipeso.

— Usanditengere molakwika. Ndiyenera ndiwafunse kaye abambo kuno, si nyumba yanga ndekha. Mwinanso alamu sakulakwitsa kwenikweni. Pemphero silinaphepo munthu. Apite naye, akangomuona, kenako tchuthi chikafika adzabwere mtima uli m'malo.

— Wa ndani mtima?

— Wa tonse. Iwe usakwiye.

— Sindinakwiye. Adona ndimawamvetsa, ndi mbuli yovala golide. Bambo ake Loya ndi wamantha, ndinakwatiwa naye ndikudziwa. Koma inu munamusambitsa mwana ameneyu tsiku lobadwa. Amati akalira ndinu mumamutonthoza. Pano ndikumva ngati ndaponda chonyansa ndi phazi losavala.

— Mawu amenewo ndi oyankhula kwa mkulu wako?

— Ndiyankheni chimodzi. Ndikwere naye basi kapena ndisakwere?

— Halo? Ukuduka-duka.

— Ndili pomwe paja, sindinasunthe. Ndikwere kapena ndisakwere?

— Sindikukumva bwino. Kwabweranso alendo pakhomo pano. Ndikuimbira mawa masana tikambirane bwinobwino, wamva? Upereke moni kwa alamu. Umupsompsone Loya.

— Mawa masana akhala atamumeta kale.

— Eya, eya, mawa. Tsalani bwino kumeneko.

— Achemwali? Halo? Halo. Loya, choka pachitsekopo, ndakuona. Ayi, kwa amayi aakulu sitipitako. Sindikudziwa kuti tikupita kuti, usandifunse pano, ukandifunse m'basi. Katenge chikwama kuseri kwa madilaya, uvale ndi juzi.